Kanyumba ka Alamu Katachita Thukuta

Ndikanadziwa, tsiku lija ndikanangokhala phee pampando wanga n'kumatokosa m'mano ngati akamwini anzanga onse. Koma ine pakamwa panga sipachedwa kutseguka, ndipo ndikaona chinthu chatsopano manja amandiyabwa. Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi kumudzi kuno amaidziwa mwina, ine ndi mkazi wanga timaidziwa mwina. Inu mumve yeniyeniyo, koma mukadzafika kuno kufupi ndi Mkaika musadzandipatse moni wachisoni, ndalandira wokwanira kale.

Ine kwathu ndi ku Vubwi. Kuno ndili pachikamwini, kwawo kwa mkazi wanga aNaphiri. Munda ndi wawo, malo amene tinamangapo nyumba ndi awo, ngakhale mtengo wa mango umene ndimapumirapo masana ndinaupeza. Mwini mbumba ndi alamu anga a Lakisoni, achimwene awo a aNaphiri, amene amagwira ntchito ku Kitwe. Ndi munthu wabwino, wokonda kuseka, koma pa nkhani ya chakudya cha ana samasewera. Chaka china mwamuna wa mng'ono wawo wa aNaphiri anagulitsa chimanga cha m'nkhokwe mobisa, ana n'kugona ndi njala. A Lakisoni atabwera sanakweze mawu. Anangomufunsa kuti, "Bambo, zovala zanu zikwana m'thumba limodzi kapena tikubwerekeni lina?" Mnzanga uja tinamuperekeza kumsewu tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, ndikamva kuti alamu akubwera ndimasesa ngakhale kuseri kwa khola.

Chaka cha nkhaniyi anabwera ku mwambo wa Kulamba akukoka chinthu chimene mudzi wathu unali usanachionepo: kanyumba ka matayala, koyera, komangirira kumbuyo kwa galimoto. Eni ake amati kalavani. Anakagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. M'kati munali bedi la matiresi okhuthala, timakabati ta matabwa, makatani a maluwa ndi pena potsukira mbale. Anthu ena ochokera kutali anagona pansi pa mitengo sabata imeneyo, alamu anga akugona ngati ali ku hotela. Amayi a m'mudzi ankachita kupempha kuti angosuzumirako.

Mwambo utatha, alamu anati kukakokanso mpaka ku Kitwe n'kudzivutitsa chabe, kuli bwino katsale kuno mpaka chaka chamawa. Anayang'ana uku ndi uku kufuna woti akasamale. Akamwini anzanga onse anayang'ana pansi (lero ndimadziwa kuti anthu aja ndi anzeru). Ine ndinaimirira.

"Alamu, kasiyeni kwa ine. Mudzakapeza ngati mwakasiya dzulo."

"Manje alamu, mvetsetsani," anatero a Lakisoni. "Akawalala sindiwaopa, kalibe injini aka. Mdani wake ni chinyezi chabe. Chinyezi chikalowa, matabwa afufuma, matiresi awola. Dzinja likabwera muzikayang'anira."

"Chinyezi? Alamu, ine ndasunga mtedza zaka zonsezi osachita chuku ngakhale kamodzi."

ANaphiri anandiyang'ana chammbali, chifukwa mtedzawo amasunga ndi iwo. Kiyi ndinamumanga pachingwe n'kumukoloweka m'khosi.

Nyengo yonse yotentha ndinali bwana. M'mawa uliwonse ndinkakapukuta, kuthamangitsa nkhuku zofuna kuikira pansi pake, ndi kufotokozera odutsa m'njira zinthu zimene inenso sindinkazidziwa. Kenako mitambo inayamba kusonkhana, ndipo mtima wanga unasiya kukhala m'malo. Ndikapita kumunda ndinkalima mizere ingapo, n'kuthamangira kunyumba kukayang'ana kumwamba nditaima pafupi ndi kanyumbako, ngati kuti kumunda kumwamba kulibe. ANaphiri anafika pondifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Nzeru yoyamba inali yosavuta. Ndinakwera njinga mpaka ku Katete kukagula pepala lakuda lija timayala pansi pa udzu pofolera nyumba. Ndinakakulunga konse, kuyambira padenga mpaka m'matayala, n'kumanga ndi mphira za machubu akale. Pokulungapo ndinapeza timabowo tina, kena padenga kokhala ndi kachivundikiro, tina m'munsi mwa chitseko. Ndinapukusa mutu. Azungu ndi nzeru zawo zonse, kupanga nyumba n'kuiwala kutseka mabowo! Ndinatsekamo zigamba za masaka n'kumata ndi phula. Tsiku limenelo ndinadya mtima uli pansi.

Mvula inagwa, inagwanso. Tsiku lina dzuwa litawala ndinati ndikasuzumire ntchito ya manja anga. Nditakweza pepala n'kutsegula chitseko, kunandiwomba kafungo ka zovala zoiwalidwa m'beseni. Mawindo onse anali akulira cham'kati, madontho akutsetsereka. Kudenga kunali kutalendewera timadontho tambirimbiri. Makatani a maluwa aja anali atamera maluwa ena akuda amene sanalipo kale. Ndinakhudza khoma, dzanja linabwerako lonyowa.

"Amayi a Tiya! Tabwerani mudzaone, kanyumba kakuchita thukuta!"

"Nanga inu atakukulungani m'pepala dzuwa lonseli simungachite thukuta?" anayankha ali pakhonde, osadzuka n'komwe.

Mawuwo ndinawamva koma sindinawalabadire (pepalalo ndinali nditalinyamula panjinga kuchokera ku Katete, thukuta lili kamukamu, ndiye ndilivule chifukwa cha munthu amene wangokhala pakhonde?). Ine ndinati pali pena pamene mvula ikulowerabe. Ndinawonjezera mphira.

Nzeru yachiwiri inali ya moto. Chonyowa amachiumitsa ndi moto, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndinakoleza mbaula, kuiika palata pakati pa kanyumbako, kutseka chitseko kuti kutentha kusathawe, ine n'kukhala momwemo ndikutembenuza matiresi. Posakhalitsa mutu unayamba kugunda, m'maso kuchita chidima, miyendo kulemera. Ndinatuluka chokwawa. ANaphiri anandipeza ndili chagada paudzu, ndikupuma ngati ng'ombe yongomasulidwa pangolo. (Izi zokha musadzayesere, sindikuseka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anthu amafa nazo.) Mbaula itazima, madzi pamawindo anali ambiri kuposa poyamba, ndipo nsonga ya katani imodzi inali itapserera.

Masiku amenewo sindinkamaliza chilichonse. Kutchalitchi ndikamva bingu ndinkatuluka ulaliki uli pakati. Wina anati ndiikemo makala, akuti amamwa chinyezi. Ndinaikamo, timakabati tonse n'kuda bii. Wina anati mchere. Ndinatenga wa kukhitchini, ndiwo tinadya zosakolera, mawindo akulirabe. Wina anati phulusa, wina anati nyuzipepala zakale, ndipo mkulu wina pansolo anati mwina mzungu ujayo anakatsirika kuti kazimulira. Ine ndinkatsegula, kununkhiza, kutseka, kuyenda pang'ono, n'kubwereranso kukanunkhiza. Kiyi uja anafika pondisupula khosi.

Apa ndi pamene feteleza analowa m'nkhani. Mvula isanayambe, a Lakisoni anali atatumiza paminibasi matumba awiri a feteleza wobereketsa, uja woyera wa timibulu tonga mchere. Anatumizira mlongo wawo, ndi uthenga wakuti mbumba yawo isadzagone ndi njala. Matumbawo anali pakona m'nyumba, kudikira kuti chimanga chifike m'mawondo. M'mawa wina ndinamva aNaphiri akudandaula uku akusesa.

"Feteleza uyu koma! Thumba langong'ambika pang'ono apa, taonani wanyowetsa kale pansi ponse. Amakoka chinyezi ngati ali ndi ludzu."

Ndinaima pomwepo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Amakoka chinyezi! Mankhwala ndakhala ndikuwafuna mudzi wonse, osadziwa kuti ndimagona nawo nyumba imodzi. Ndinaiona nzeruyo kuyambira kumutu mpaka kumchira: ndimubwereke masiku ochepa, akoke chinyezi chonse m'kanyumba, kenako ndimuyanike padzuwa, ndimubwezere m'matumba, akagwire ntchito yake kumunda. Palibe wotaya kanthu. Ndinadabwa kuti anthu a m'tauni ndi masukulu awo sanaganizepo zimenezi.

Ndinadikira kuti aNaphiri apite kuchigayo. Ndinayamba ndi theka la thumba, kuthira m'mabeseni, m'mbale za alamu, ndi m'timakabati. Ndiye tsoka langa, masiku otsatirawo kunachita kang'amba, dzuwa likuswa mtengo. Mawindo anauma. Ine ndinati ndi feteleza. Ndinayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo, ndipo pansolo ndinatsala pang'ono kuulula, koma ndinati ayi, angandibere nzeru. Pobwerera ndinaganiza kuti ngati theka lachita chonchi, nanga matumba onse awiri? Ndinakhuthula yense. Wina ndinayala pamasaka pansi, wina pansi pa matiresi, wina pamwamba pake nditayala chitenje. M'matumba opanda kanthu aja ndinathiramo mchenga n'kuwaimika pakona pomwe paja, kuti aNaphiri asade nkhawa ndi zinthu zimene sakuzimvetsa. (Ndikudziwa. Musandiyang'ane choncho.)

M'mawa mwake foni inalira: amalume anga amwalira ku Vubwi. Ndinanyamuka mothamanga, kiyi ali m'khosi. Ndikukwera galimoto mvumbi unayamba, uja wosagwa mwamphamvu koma wosaleka. Maliro tinaika, koma msewu unali utasanduka phala, magalimoto osadutsa. Abale anandiyamikira kwambiri kuti amalume ndinkawakonda, chifukwa sindinkakhala pansi. Ndinkangozungulira pabwalo manja ali kumbuyo, kuyang'ana kumwamba ndi kuusa moyo. Azakhali anga anachita kundigwira dzanja kuti, "Limbani mtima mwanangu, tonse tidzapita." Ine ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pamatiresi.

Kenako aNaphiri anaimba.

"Bambo a Tiya, chimanga chafika m'mawondo. Ndamasula matumba aja."

Ndinasamutsira foni kukhutu lina.

"Mwamva? Ndamasula matumba. Muli mchenga."

"Halo? Halo? Amayi a Tiya, kuno kumalire foni yagwira za ku Malawi, mawu akuduka..."

"Mukundimva bwinobwino. Komanso kanyumba kanu kakudontha pansi, ndipo pamene kakudontherapo ngakhale nkhuku sizikufikapo. Bwerani ndi kiyi."

Ndinabwera pena wapansi, pena panjinga yamoto, pena ndikukankha njinga yamotoyo. Ndinafika masana, matope mpaka m'ntchafu. ANaphiri sanandipatse moni, anangoloza kanyumbako ndi mlomo. Nditatsegula chitseko fungo linandimenya m'maso, misozi n'kuyamba yokha. Sindikubisirani, linali fungo la kuseri kwa malo omwera mowa pamsika, kumene amuna amaima moyang'ana khoma. Feteleza munalibe. M'mabeseni munali madzi okhaokha, ena atasefukira. Wa pamasaka uja anali atasungunuka n'kulowa m'matabwa, matabwawo atafufuma, zitsulo za timakabati zitachita dzimbiri. Matiresi anali atamwa zotsala zonse, ndipo pakati penipeni panali chibanga chachikulu chachikasu, chozungulira bwino. Fetelezayo sindingamunamizire, ntchito imene ndinamutuma anaigwira. Chinyezi anachikoka ndithu, kungoti ine sindinadzifunse kuti akachikoka adzachiika kuti.

Tinayesa kupulumutsa chimene chinatsala. Tinasenza mabeseni aja kupita nawo kumunda, kuthira ndi kapu phando ndi phando. Anangokwana mizere yochepa, ndipo ina mwa iyo inapserera. Munda wonse wotsala unakhala wachikasu mpaka kukolola. Koma pansi pa kanyumba paja, abale, panamera bonongwe wobiriwira biriwiri, wofika m'chiuno, masamba ake ngati a fodya. Odutsa m'njira ankaima kufunsa kumene tinapeza mbewu. ANaphiri ankathyola, kuphika, n'kundiikira patsogolo. Ndinadya bonongwe ameneyo dzinja lonse.

Pepala lakuda lija aNaphiri analing'amba okha, kutsegula mawindo onse ndi kutokosola timabowo tija ndinamata. Nkhungu inatha yokha, popanda mbaula kapena mchere. Matiresi tinawachapa ndi sopo, tinawapaka mandimu, tinawafukiza ndi masamba a bulugamu, tinawayanika mpaka ndinatopa kuwanyamula. Akauma fungo linkabisala. Kukangochita kamtambo linkadzukanso, ndipo chibanga chija sichinasunthe.

Titakolola, nkhokwe sinafike ndi theka lomwe. Apa ndiye ndinachita mantha enieni, osati aja othamangathamanga. Tsiku lina tikutong'ola chimanga, aNaphiri analankhula osandiyang'ana.

"Achimwene ndawauza kuti mvumbi unakokolola feteleza m'munda."

"Mwawanamiza?"

"Nanga mumafuna ndiwauze kuti chakudya cha ana munachithira pansi pa matiresi? Mukuwadziwa bwino. Ine ndakwiya nanu mpaka lero, koma sindikufuna kukuperekezani kumsewu. Za feteleza zisadzatuluke pakamwa panu. Za kanyumbazo mudziwa nokha choyankha."

Ndinamva manyazi, ndinamvanso kuti mayi ameneyu amandikonda kuposa mmene ndikuyenera. Koma choyankhacho ndinalibe. Miyezi yonse yozizira ndinkayeseza mabodza ndikuyenda, ndikusamba, ndikudula mapesi. Ndinaganiza zonamizira mbuzi, koma mbuzi sitsegula chitseko ndi kiyi. Ndinaganiza zonamizira mphaka, koma akanakhala mphaka wamkulu bwanji?

Nthawi ya mwambo itakwananso, alamu anafika ndi akazi awo. Ine ndinali nditasesa, nditapukuta kanyumbako mpaka kunyezimira. Ndinavula kiyi m'khosi n'kumupereka ndi manja awiri. Anatsegula. Akazi awo anabwerera chambuyo atagwira mphuno ndi nsonga ya chitenje. Alamu analowa okha. Ndinawamva akuponda matabwa ofufuma aja, ndinawaona pawindo ataweramira matiresi, akuyang'ana chibanga chija nthawi yaitali. Anatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Alamu, tiyeni tikaone ng'ombe."

Ife tilibe ng'ombe. Ndinawatsatira mpaka kuseri kwa khola la mbuzi, ndikuwerengera mumtima malaya amene ndili nawo.

"Alamu," anayamba motsitsa mawu, dzanja lili paphewa panga, "ine ndine munthu mukulu, naona zambiri. Munali kugona mu kalavani muja, si choncho?"

Ndinayang'ana mbuzi m'khola.

"Osachita manyazi. Mlongo wanga nimudziwa, mtima wake ni wapafupi. Anakuthamangitsani pabedi, ndiye inu munalibe kwina. Manje matenda aya simuli oyamba. Kuntchito tili naye mnzathu, bwana wamkulu, nayenso amayala pulasitiki. Niuzeni chabe, zinayamba liti?"

Zinanditengera kanthawi kuti ndimve chimene alamu ankanena. Nditamva, nkhope yonse inatentha. Ndinakonzeka kukana mwamphamvu, ndi chala chomwe. Koma ndikanakana, funso lotsatira likanakhala lakuti, nanga fungoli ndi la chiyani? Ndinayang'ana nkhokwe ya theka ija. Ndinayang'ana nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa. Ndinayang'ana aNaphiri, amene anaima pakhonde akundiyang'anitsitsa osaphethira. Ndikanena zoona, ndine mkamwini amene anasungunula chakudya cha mbumba. Ndikavomera, ndine mkamwini wodwala, ndipo wodwala samuuza kuti alongedze.

"Dzinja lomweli, alamu," ndinatero ndikuyang'ana zala za kumapazi. "Kukachita mvumbi ndiye zimanyanya."

A Lakisoni anandikumbatira. Anati ndine mwamuna weniweni, ambiri amafa nazo chinunu. Atatero anapita kukadzudzula mlongo wawo chifukwa chogoneka munthu wodwala panja nthawi ya mvula. ANaphiri anamvetsera atazolika, nkhope itabisika m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Alamu anaganiza kuti akulira, ndipo anayamba kuwatonthoza.

M'mawa mwake ananditengera kuchipatala pagalimoto yawo, mpando wakutsogolo atayalapo kathumba. Kumeneko anandipatsa kabotolo, anandiyeza, sanapeze kanthu. Alamu anati matenda oterewa amathawa makina. Matabwa a kanyumba anakonzetsa okha osandifunsa kalikonse. Matiresi anandipatsa ngati mphatso, "poti munawazolowera kale," ndipo ndinawasenza ndekha masana, chibanga chili kunja, anthu obwera ku mwambo akupatuka m'njira.

Alamu analonjeza kuti nkhaniyi ndi ya awirife. Koma anauza akazi awo kuti asadabwe, akazi awo anauza apongozi anga kuti azindipempherera, ndipo apongozi anga anakapempha mapempherowo kugulu la amayi.

Ndikadali pamudzi pano, m'nyumba mwanga, ndi mkazi wanga ndi ana anga. Kanyumba kaja alamu anakasiyanso kwa ine, akuti ndine munthu woona mtima. Kali pansi pa kashedi ka udzu, mawindo otsegula pang'ono, timabowo tonse tili pululu, ndipo m'kati ndi mouma gwa. Ngati pali chimene ndaphunzira, ndi chakuti chinthu chikachita thukuta chimafuna mpweya, ndiponso kuti mwini wake akamafuna wosunga katundu, ndi bwino kuyang'ana pansi ngati anzako. (Ngakhale kuti ndamva zoti simenti nayo imakoka chinyezi, ndipo siisungunuka. Koma ndangomva.)

Chovuta n'chakuti matenda anga mudzi wonse ukuwasamalira. Paukwati, pachinkhoswe, ngakhale pamaliro, dzuwa likangopendeka, mayi wogawa thobwa amafika pa ine, amagwada mwaulemu, n'kupatsa mnzanga wotsatira. Sabata yatha apongozi anga, amene sitiyang'anana m'maso chikwatirire, anatumiza mawu kudzera mwa aNaphiri: akuti mitambo yayamba kusonkhana, abambo achepetse tiyi. Ndinayang'ana aNaphiri, munthu yekhayo padziko pano amene akudziwa kuti ndilibe matenda, kuti mwina andiikira kumbuyo. Anangotenga kapu yanga n'kukhuthulira theka m'kapu mwawo.